Kuchokera ku Ng'ombe za Dongo Kufika ku Kasinja wa Pulasitiki: Mbiri ya Luso la Zifanizo ku Chipata

Luso lopanga zifanizo zazing'ono za zinthu zoyenda, monga magalimoto, mabasi ndi akasinja a nkhondo, lili ndi magwero awiri amene anakula padera kwa nthawi yaitali asanadziwane, ndipo mzinda wa Chipata pamodzi ndi midzi youzungulira ndi malo abwino oonerapo kusiyana kwake. Gwero loyamba ndi la kudambo ndi la m'makwalala a m'komboni, kumene anyamata amaumba dongo kapena kupinda waya popanda pepala lowalangiza. Lachiwiri ndi la m'mafakitale a ku Britain, ku America ndi ku Japan, kumene chifanizo chimagulitsidwa m'bokosi chili tizidutswa ta pulasitiki, kuti wogula achilumikize yekha, achipake utoto, kenako achikalambitse dala kufikira chitaoneka ngati chayenda m'matope ndi m'fumbi la kunkhondo. Anthu ambiri amayesa loyambalo masewera a ana ndipo lachiwirilo amalipatsa ulemu wa umisiri, koma mbiri ikusonyeza kuti onse awiri amafuna diso lakuthwa ndi manja oleza mtima, kungoti chimene aliyense amachiyesa choona pa chifanizo n'chosiyana.

Angoni a Mpezeni, amene makolo awo anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anakhazikika m'dera la mapiri limeneli cha m'ma 1870, ndipo chuma chawo chachikulu chinali ng'ombe za linunda zimene mpaka lero zimadziwika ndi dzina la mtundu wawo. Anyamata akapita kubusa ankatapa dongo m'mbali mwa mitsinje ngati Lutembwe ndi Msandile n'kuumba ng'ombe zazing'ono, zimene ankaziumika padzuwa kapena kuziwotcha pamoto kuti zilimbe, kenako ankazimenyanitsa mpaka ina itathyoka nyanga. Chofunika kuchizindikira n'chakuti woumba waluso sankaumba ng'ombe wamba, koma nkhunzi yodziwika ya m'khola la kwawo, yokhala ndi linunda lake, mapindidwe a nyanga zake ndi mawanga ake, amene ankawalemba ndi phulusa kapena makala. Anzake ndiwo anali oweruza, ndipo popeza nawonso ankaidziwa nkhunziyo, bodza silinkabisika. Maphunziro a diso amene anadzagwira ntchito pa waya anayambira pamenepa.

Mu January 1898 asilikali otumidwa ndi ulamuliro wa Britain anathira nkhondo Angoni pogwiritsa ntchito mfuti za Maxim ndi mizinga ing'onoing'ono, ndipo atawagonjetsa anapha Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, n'kulanda ng'ombe zikwi zambiri. Chaka chotsatira boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, linakhazikitsidwa, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Boma limeneli linabwera ndi zinthu ziwiri zimene zinasintha zidole za ana a m'derali: zoyenda pa magudumu, ndi waya wa kufakitale, umene unafika ngati waya wa telegalafu, wa mipanda ndi womangira katundu m'minda ya fodya ya azungu. Waya wokha sunali wachilendo kwa anthu a kuno, pakuti ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, ofukula zakale anapeza waya wa mkuwa pamodzi ndi zida zoukokera za zaka mazana angapo zapitazo. Chachilendo chinali kuchuluka kwake, kwakuti zidutswa zake zinayamba kutayidwa pamene mwana akanatha kuzitola.

Magalimoto oyambirira a ana ankapangidwa ndi mapesi, misinde ndi chiwale, zimene mkati mwake ndi mofewa moti zimalumikizika ndi minga kapena tizitsotso, ndipo a waya anafala makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene malole ndi mabasi anachuluka pa msewu wa Great East Road umene umalumikiza Chipata ndi Lusaka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezeka mu 1965, ena mwa mafuta a dziko la Zambia ankadzera ku Malawi pa msewu womwewu, ndipo mlatho watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968. Mwana wa ku Kapata kapena wa ku Mchini wa nthawi imeneyo ankaona malole a Bedford, ma Land Rover a boma ndipo pambuyo pake mabasi a kampani ya UBZ, ndipo zimenezi ndizo ankapinda.

Kapangidwe ka galimoto ya waya kali ndi dongosolo lake lokhazikika. Mmisiri amayamba ndi kuwongola waya wokhuthala pousula ndi mwala, n'kupinda chimango cha pansi, kenako mizati ndi denga. Mfundo zonse amazimanga ndi waya wopyapyala wa mkuwa wochotsa m'mamota akufa kapena ndi malegeni, amene ndi timizere ta mphira todula ku chubu cha njinga. Machubu otere sankasowa m'tauni imene njinga ndiyo galimoto ya anthu ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inali ndi fakitale yakeyake ya njinga za Eagle, ya Luangwa Industries. Magudumu amachokera ku zitini za polishi wa nsapato, ku zitsekerero za mabotolo kapena ku mapatapata akutha odulidwa mozungulira. Pamene pagona luso lenileni ndi pa chiwongolero, ndiko kuti waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake, umene kunsi kwake umalumikizidwa ndi timikono tokhotetsa magudumu akutsogolo onse awiri pamodzi, monga zimachitikira pa galimoto yeniyeni. Ena amawonjezera masipuling'i kuti galimoto izinyutuka ikaponda mwala, zitseko zotseguka, ngakhalenso nyali za mababu a tochi. Galimoto yotere imaonekera mkati, ilibe khungu, ndipo palibe amene amadandaula nazo, chifukwa choona chimene mmisiri wa waya amafuna ndi mayendedwe: ikhote bwino, isenze katundu, ipirire msewu. Dzina lake linafika kutali, pakuti mu 1990 Karen Lynn Williams anasindikiza ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya. Ngakhale m'bwalo la Gule Wamkulu, umene UNESCO inaulemekeza mu 2005, mumatuluka chilombo cha maonekedwe a galimoto, umboni wakuti Achewa anachilandira chinthu chachilendochi n'kuchipatsa malo m'miyambo yawo yozama.

Kasinja, amene ndi galimoto ya nkhondo yokutidwa ndi chitsulo chochindikala, yoyenda pa matcheni m'malo mwa matayala ndiponso yonyamula mzinga pa mutu wozungulira, anafika m'derali mwa mbiri asanafike ndi thupi. Anagwiritsidwa ntchito koyamba pa 15 September 1916 ku France, pa nkhondo ya ku Somme, pamene kuno nkhondo yolimbana ndi Ajeremani a von Lettow-Vorbeck inkayenda pa mitu ya amtengatenga. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakumana naye maso ndi maso mu August 1940 ku Tug Argan, m'dziko la British Somaliland, kumene Ataliyana anabwera ndi akasinja awo, ndipo nkhondo ya kum'mawa kwa Africa inathera ku Gondar m'dziko la Ethiopia mu November 1941, pamene General Guglielmo Nasi anagonja. Ku Gondar komweko Ataliyana, atazingidwa n'kusowa zida, anadzipangira akasinja pokuta mathirakitala ndi zitsulo zochotsa ku malole owonongeka, nzeru imene mmisiri wa waya akanaimvetsa msanga. Dzina la Gondar lilipobe ku Chipata pa malo a asilikali a Gondar Barracks, monganso Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe ndi Arakan ku Lusaka amakumbutsa kumene asilikali a dziko lino anakamenya nkhondo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za RENAMO zitayamba kulowerera m'midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo othawa nkhondo ya ku Mozambique atasonkhanitsidwa ku Ukwimi, magalimoto a asilikali sanalinso nkhani yongomva kwa akuluakulu.

Gwero lachiwiri lija, la m'mafakitale, linakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Kampani ya Airfix ya ku London inatulutsa chifanizo chake choyamba cholumikiza mu 1949, ndipo chinali cha thirakitala ya Ferguson. Kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, imene inayamba mu 1946 ngati malo ochekera matabwa, inatulutsa kasinja wa Ajeremani wotchedwa Panther kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kukula kwake kunasankhidwa kuti mabatire ndi kamota zikwane mkati. Atayeza anapeza kuti chifanizocho chinali chochepa ka 35 poyerekeza ndi kasinja weniweni, ndipo muyeso umenewu, umene umalembedwa 1/35, unasanduka wofala kwambiri pa zifanizo za akasinja. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi pa chifanizo ikuimira masentimita 35, kotero kuti kasinja wa T-55 wa ku Soviet Union, mtundu umene mayiko ambiri a mu Africa anagula, amene thupi lake limapitirira pang'ono mamita 6, amatalika masentimita pafupifupi 18 osawerengera mzinga. Wolumikiza amadula tizidutswa pa chimango chake, amapala zipsera za chikombole, n'kumata ndi guluu amene amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zikhale chinthu chimodzi. Ndipo oweruza ake, mofanana ndi abusa aja, amawerenga magudumu, amene pa T-55 ndi 5 mbali iliyonse, okhala ndi mpata woonekera pakati pa loyamba ndi lachiwiri.

Kwa zaka zambiri zifanizozi zinkasiyidwa zonyezimira, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene Sheperd Paine wa ku Chicago, kudzera m'timapepala timene kampani ya Monogram inkaika m'mabokosi, ndiponso François Verlinden wa ku Belgium, anafalitsa njira zokalambitsira chifanizo, ntchito imene amisiri ake amaitcha weathering. Utoto woyamba ukauma, mmisiri amathira utoto wakuda wosungunulidwa kwambiri kuti uyenderere m'ming'alu ndi m'mbali mwa mabawuti, ndipo zimenezi zimabweretsa mthunzi pamene kuchepa kwa chifanizo kunauchotsa. Kenako amatenga burashi youma imene yangotsala ndi kautoto kowala pang'ono n'kupukuta m'mphepete, kuti ngodya zioneke zoperepeseka. Ndi kachidutswa ka siponji amadontheza timadontho ta bulauni pamene nsapato za asilikali zimaponda ndi pamene zitseko zimagunda, amakoka timizere ta dzimbiri kutsika kuchokera pa zitsulo, amadetsa potulukira utsi, ndipo nsonga za matcheni amazipaka pensulo kuti ziwale ngati chitsulo chokhulidwa ndi miyala. Pomaliza pamabwera ufa wa mitundu ya nthaka, umene Miguel Jiménez wa ku Spain anautchukitsa m'zaka za m'ma 2000. Cholakwa chofala ndicho kuchulukitsa dzimbiri, pakuti kasinja amene ali pa ntchito amasamalidwa ndi asilikali ake, ndipo chimene chimamukuta kwambiri ndi fumbi.

Pa nkhani ya fumbiyi munthu wa ku Chipata ali ndi chidziwitso chimene sichipezeka m'bokosi. Amadziwa kuti katondo, dothi lofiira la kumtunda limene kufiira kwake kumachokera ku chitsulo cha m'nthaka monga momwe dzimbiri limafiirira, amasanduka fumbi losalala m'mwezi wa October, limene limakhala pamwamba pa malo athyathyathya ndi kumbuyo kwa galimoto. Amadziwanso kuti makande a kudambo ndi a kuchigwa cha Luangwa ndi akuda, amamatirira m'magudumu nthawi ya dzinja, ndipo akauma amatuwa n'kung'ambika. Dothi lomwelo likaumikidwa, kusinjidwa ndi kusefedwa pa nsalu, kenako n'kusakanizidwa ndi guluu wa matabwa wothira madzi, limagwira pa chifanizo, ndipo makala osinja amapereka mwaye. Chifanizo cha kasinja wa ku Africa chopakidwa matope otuwa a ku Ulaya n'cholakwika ngakhale magudumu ake atakwana, chifukwa kukalambitsa ndi umboni wa kumene chinthu chayenda. Galimoto ya waya siifuna zonsezi, popeza imakalamba yokha poyenda m'njira, koma diso limene limadziwa pamene fumbi limagwa pa lole ya thonje yochokera ku Lundazi ndi lomwe weathering imafuna.

Kuchokera m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa, zidole zotsika mtengo za pulasitiki zochokera ku China zadzaza m'misika ngati wa Kapata, ndipo m'tauni magalimoto a waya achepa, ngakhale kumidzi akuyendabe, pamodzi ndi ena atsopano opangidwa ndi mabotolo ndi mapaketi a zakumwa. Vuto la wolemba mbiri n'lakuti chifanizo cha Tamiya chimasungidwa m'kabati ya galasi pamodzi ndi bokosi lake, pamene galimoto ya waya ikatha imamasulidwa kuti waya wake upange ina, ndipo ng'ombe ya dongo imasungunuka ndi mvula yoyamba. Nyumba yosungiramo za makolo ya Nsingo ku Feni, kapena sukulu za mumzinda wa Chipata, zingachite bwino kusonkhanitsa zina mwa izo, n'kulemba pa chilichonse komboni kapena mudzi umene chinapangidwira, chaka chake, zipangizo zake ndi mtundu wa galimoto imene mmisiri ankatsanzira.