Momwe makina ometa nsalu anafikira pa kapinga

Ku England m'zaka za m'ma 1700, bwalo lalikulu la udzu wometedwa bwino linali njira yodzionetsera kuti pakhomo pali chuma. Malo oti n'kulimapo tirigu, mwini wake ankangowasiya kuti maso azidyerera. Lancelot Brown, amene ankadziwika kuti Capability Brown, anakonzera anthu olemera mabwalo otere oposa 170, kuphatikizapo la ku Blenheim Palace.

Kutali ndi nyumba, ntchito yometa inali ya nkhosa. Zinkabudula udzuwo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, n'kumasiyanso manyowa pomwepo, ndipo akatswiri a masiku ano sanapatuke kwenikweni pa nzeru imeneyi: amati udzu uzimetedwa pafupipafupi, osachotsa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Kuti nkhosazo zisafike pakhonde, ankakumba ngalande yosaonekera patali. Pafupi ndi nyumba pankagwira amuna a zikwakwa zazitali, olawirira mame asanakamuke, poti chikwakwa chimadya bwino udzu wonyowa. Ena ankatsatira pambuyo, akusesa. Munthu wamba akanawalipira ndi chiyani anthu onsewa?

Zinthu zinatembenuka mu 1830 ku Stroud, dera la mafakitale a nsalu zaubweya. Edwin Budding anaona makina okhala ndi mipeni yozungulira akumeta tiubweya toimirira pansalu, n'kuganiza kuti udzu nawo ungametedwe chimodzimodzi. Anagwirizana ndi John Ferrabee, mwini fakitale ya zitsulo, ndipo pofika 1832 kampani ya Ransomes ya ku Ipswich inali itayamba kupanga makinawo. Anali achitsulo, olemera kwabasi, moti aakuluwo ankafuna anthu awiri, wina kukankha wina kukoka. Atabwera okokedwa ndi mahatchi, hatchiyo ankaiveka nsapato zachikopa kuti ziboda zisaboole bwalo. Lamulo la mame lija nalo linasintha, chifukwa makina amafuna udzu wouma.

Amasewera ndiwo anapindula msanga. Mpikisano wa tenesi wa ku Wimbledon unayamba mu 1877, ndipo lero udzu wake amaumeta kuti utsale mamilimita 8.

Kenako kapinga anasanduka udindo. Ku Levittown, mudzi wa nyumba zofanana umene unayamba kumangidwa pafupi ndi New York mu 1947, wokhalamo aliyense ankalamulidwa kutchetcha pakhomo pake mlungu uliwonse m'nyengo yomera udzu. Chimene kale chinali chonyadira cha olemera chinafika pokhala chokanganitsa anthu oyandikana nyumba.

Koma udzu wa ku England unazolowera mvula yowaza chaka chonse, ndipo kumadera otentha unkangopserera. Kumeneko anthu anatembenukira ku udzu wopirira dzuwa, monga kikuyu wa kumapiri a ku Kenya ndi kapinga yemweyu amene alimi kuno amalimbana naye m'munda. Kummwera kwa America amamutcha Bermuda, ndipo amamubzala dala m'mabwalo a gofu.