Lusaka: Nthaka ya Asoli ndi Alenje, Cilankhulo ca Alendo

Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwezeka, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere. Pansi pake pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu. Ndico cifukwa cake madzi a mvula amadzaza msanga ku Kanyama, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime.

Dzina la mzindawu linacokera kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wao unali pafupi ndi Manda Hill, pomwe lero pali Nyumba ya Malamulo. Njanji inafika m'derali mu 1905, ndipo mu 1935 boma la atsamunda linasamutsira likulu kuno kucoka ku Livingstone.

Eni nthaka ndi Asoli ndi Alenje. Kum'mawa, ku Chongwe, Asoli ali pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo amacita mwambo wopempha mvula wa Chakwela Makumbi. Alenje ali cakumpoto, kwa Mfumu Mungule ndi ku Chibombo. Mitundu yonse iwiri imawerengera mbumba kucikazi, monga Acewa.

Koma m'misika ndi m'mabasi a mumzindawu simumveka Cisoli kapena Cilenje kawirikawiri. Cinyanja cinabwera ndi alendo. Cinali cilankhulo ca apolisi ndi asilikali a Northern Rhodesia, komanso ca anchito ocokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndi ku Nyasaland. Azungu anakhala m'madera ngati Kabulonga ndi Woodlands. Anchito acikuda anawamangira tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, poganiza kuti ndi amuna okha amene mabanja ao atsala kumudzi. Tinyumba tocepa tomwe tinatsala tinasanduka Kabwata Cultural Village mu 1974. M'makomboni otere, anthu a mitundu yosiyana anafuna cilankhulo cimodzi, ndipo Cinyanja ca m'tauni cinakula cikubwereka mawu ku Cibemba ndi Cingelezi.

Pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zigwiritsidwe nchito pa wailesi ndi m'sukulu, Cisoli ndi Cilenje palibe. Motero mdzukulu wa ku Chelstone, amene agogo ake ali pa mtunda waufupi cabe ku Chongwe, angalephere kuwayankha m'cilankhulo cao.

Wofuna kulondola mbiri ya banja lake angayambire pa citupa cobiriwira ca NRC. Pamenepo pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma kumene makolo anacokera, ngakhale kwa munthu amene kumudziko sanapondeko.