Abbott ndi Costello: Alendo Amene Analanda Bwalo

Nkhani yathu ya mbiri lero ikutitengera ku America, mumzinda wa Paterson, m'chigawo cha New Jersey. Pa 30 Okutobala 1940 anthu a mumzindawo anakhamukira kukaonera kanema watsopano wa kampani ya Universal, dzina lake One Night in the Tropics, ndiye kuti usiku umodzi kumaiko otentha. Kawirikawiri kanema watsopano ankayamba kuonetsedwa ku Hollywood kapena ku New York. Uyu anayambira ku Paterson chifukwa cha munthu mmodzi wamfupi ndi wonenepa amene anabadwira komweko m'chaka cha 1906, Lou Costello. Komatu Costello sanali mwini kanemayo. Iye ndi mnzake Bud Abbott anaitanidwa kudzathandiza chabe, ndipo aka kanali koyamba kuti awiriwa aonekere pamodzi pa chinsalu.

Kuti timvetse chimene chinachitika pambuyo pake, tiyambe taona mtundu wa kanema amene awiriwa analowamo. Kufikira 1927 pafupifupi makanema onse anali osalankhula. Anthu ankaonera zithunzi zikuyenda, wina akuwaimbira piyano m'munsi mwa chinsalu. M'chaka chimenecho kampani ya Warner Brothers inatulutsa The Jazz Singer, m'mene Al Jolson anamveka akuimba, ndipo makampani onse anathamangira nyimbo monga alimi athamangira kumunda mvula yoyamba ikagwa. Kanema wa nyimbo wotchedwa The Broadway Melody, wa 1929, analandira mphotho ya Oscar ya kanema wopambana onse. Anachulutsa mpaka anthu anatopa nazo, koma mu 1933 kanema wa 42nd Street anadzutsanso chilakolako, ndi magule a Busby Berkeley amene ankaimika atsikana ambirimbiri m'mizere nawajambula kuchokera kudenga. Chaka chimenecho, mwa anthu anai alionse ofuna ntchito ku America, mmodzi anali lova. Munthu wotere akapeza kandalama kolowera m'nyumba ya kanema, sankafuna kukaonanso umphawi umene wausiya kunyumba.

Kaphikidwe ka makanemawa kanali kodziwika. Pankafunika mnyamata wa mau okoma, mtsikana wokongola, chopinga china chochedwetsa ukwati wao, ndi nyimbo zingapo. Chikondi ndi nyimbo ndizo zinali nsima. Anthabwala anali ndiwo chabe, zoti mbamu itsike bwino: ankatulukira pamene oimba akupuma, naseketsa anthu pang'ono, nachoka. Komabe nthawi zina anthu ankanyambita ndiwo nasiya nsima. Eni ake a Flying Down to Rio, kanema wa kampani ya RKO wa 1933, anali Dolores del Río ndi Gene Raymond, koma anthu anatuluka akukamba za ovina awiri a m'mbali, Fred Astaire ndi Ginger Rogers, amene anadzavina pamodzi m'makanema 10 tikawerenga ndi ameneyu.

A Universal pokonza One Night in the Tropics anatsata kaphikidwe komweko, ndipo sanaumire. Nyimbo anapeka ndi Jerome Kern, katswiri amene anapeka nyimbo za Show Boat, ndipo mau a nyimbo zambiri analemba ndi Dorothy Fields. Woongolera anali A. Edward Sutherland. Mnyamata woimba anali Allan Jones, amene anali ataimba kale mu Show Boat ya 1936, ndiponso m'makanema awiri a abale oseketsa a Marx Brothers, mu 1935 ndi mu 1937. Anali munthu wozolowera kuimba za chikondi pakati pa anthu aphokoso. Pambali pake panali Nancy Kelly ndi Robert Cummings. Nkhani anaitenga m'buku la 1914 la Earl Derr Biggers, lotchedwa Love Insurance.

Nkhaniyo ili motere. Mnyamata wogulitsa inshuwalansi alonjeza bwenzi lake kuti ukwati wake ukalephereka adzalandira madola 1 miliyoni. Amene waikapo ndalamazo ndi mwini nyumba ina ya zisangalalo za usiku, ndipo poopa kuluza, atuma anyamata ake awiri kuti akaonetsetse kuti ukwatiwo wachitika. Musawayese ankhoswe, chao nchoteteza thumba la bwana. Onse akathera ku San Marcos, dziko la ku South America limene simungalipeze pa mapu, ndipo kumeneko wogulitsa inshuwalansi uja agwa m'chikondi ndi mkwatibwi wa mnzake. Kusankha dziko lotentha sikunali kwa ngozi. Nkhondo imene inayamba mu 1939 inatseka misika yambiri ya makanema ku Ulaya, ndipo boma la Roosevelt linali kukopa maiko a kumwera kuti akhale mabwenzi. Hollywood tsono inadzaza ndi migwalangwa ndi magitala, ngakhale eni maikowo ambiri sanadzizindikire m'zithunzi zimenezo.

Anyamata awiri otumidwa aja ndiwo Abbott ndi Costello, ndipo m'kanemamo anasunga maina ao enieni a pa bwalo. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka awiriwa kanali katanoledwa zaka zambiri kutali ndi Hollywood.

Bud Abbott anabadwa mu 1897 ku Asbury Park, ku New Jersey komweko, kwa makolo amene anagwirapo ntchito ku gulu la zionetsero la Barnum and Bailey. Anakulira m'nyumba za burlesque, zisudzo zotsika mtengo za ovina ndi anthabwala zimene anthu odzilemekeza ankazinyoza. Anayamba ndi kugulitsa matikiti pakhomo, ndipo ali pamenepo anamva nthabwala zomwezomwezo usiku ndi usiku mpaka zinakhazikika m'mutu. Costello, amene dzina lake lobadwa nalo linali Louis Cristillo, anapita ku Hollywood mu 1927 ndi maloto aakulu, koma anangopeza maganyu: kunyamula matabwa, kugwa ndi kulumpha m'malo mwa akatswiri pa malo oopsa, ndi kukhala m'khamu la anthu osatchulidwa maina. Amaoneka pang'ono m'khamu loonerera nkhonya m'kanema wa Laurel ndi Hardy wa chaka chomwecho, The Battle of the Century. Atalephera kumeneko, nayenso analowa burlesque. Anasewerera pamodzi ku New York mu 1935, nagwirizana zokhala gulu limodzi mu 1936.

Nthawi inawakomera, pakuti mu 1937 akuluakulu a mzinda wa New York anayamba kutseka nyumba za burlesque, ndipo mu 1938 awiriwa analowa pa wailesi, m'pologalamu ya woimba Kate Smith. Apa pali kanthu kamene inu omvera mungakamvetse kuposa wina aliyense. Pa bwalo, anthu ankaona kuti wina ngwamtali wowonda, wina ngwamfupi wonenepa. Pa wailesi munalibe mtali kapena mfupi. Munali mau awiri a amuna a ku New Jersey, ofanana kotero kuti omvera anadandaula kuti sakudziwa amene akulankhula. Costello anakweza mau ake nawasandutsa ngati a kamwana kodandaula. Mau amenewo, amene dziko lonse linadzamdziwa nao, anawapanga chifukwa cha anthu amene sankamuona.

Choncho pofika ku Universal, atadzeranso ku Broadway m'chisudzo cha The Streets of Paris mu 1939, anabwera ndi katundu wao wao. Nthabwala zimene anachita m'kanemayu sizikhudzana konse ndi inshuwalansi kapena ukwati. Nkhani imaima, iwo nachita zao, nkhani nipitirira. M'kasewero kena Abbott apempha Costello kuti amsinthire ndalama: ampatse mapepala awiri a madola 10, iye ampatse limodzi la madola 5. Costello apereka msangamsanga, kenaka azindikira kuti wapusitsidwa. Abbott akwiya ngati munthu wonamiziridwa, nanena kuti basi abwezerane, ndipo pobwezeranapo ambera kachiwirinso chimodzimodzi. M'kasewero kena Costello wachotsedwa ntchito ndipo akufuna malipiro a chaka chathunthu, dola imodzi pa tsiku, madola 365. Abbott atenga pensulo. Munthu sagwira ntchito usana ndi usiku, koma maola 8 okha, choncho atsala masiku 121. Achotsapo masiku 52 a Sabata, achotsapo tchuthi, achotsapo nthawi ya nkhomaliro, mpaka patsala dola imodzi. Aliyense amene anaimapo pa zenera la kalaliki wa malipiro, akumva masamu amene akuoneka olondola koma thumba likukana, adziwa chifukwa chake anthu amene anali atangotuluka m'zaka za ulova anaseka mpaka misozi.

Anachitanso, mwachidule, sewero lao lotchuka koposa, Who's on First?, lonena za timu ya baseball. Wosewera pa malo oyamba dzina lake ndi mau omwe tifunsira kuti "ndani"; wa pa malo achiwiri ndi "chiyani"; wa pa malo achitatu ndi "sindikudziwa". Costello akafunsa dzina, Abbott amayankha zoona zokhazokha, koma yankho limamveka ngati funso. Kwa ife amene maina athu ambiri ali mau a tsiku ndi tsiku, msampha umenewu ngwosavuta kuumva. Palibe wonama, palibe wogontha, koma sagwirizana.

Muone kuti zonsezi nzoseketsa khutu. Laurel ndi Hardy anachokera m'makanema osalankhula; luso lao linali m'maso, m'chipewa chogwa ndi m'kuyang'anana kwa nthawi yaitali. Abbott ndi Costello mukhoza kuwamvera mutatsinzina osataya zambiri. Chimene chinagwira anthu ndi liwiro la kuyankhana, ndipo mwini liwirolo anali Abbott, amene anthu ambiri amamuiwala chifukwa sankaseketsa. Ntchito yake inali yosonkhezera moto: kufunsa, kudzudzula, kudula mnzake pakamwa pa kamphindi koyenera, ndi kumbweza pa njira akasochera, zonsezi nkhope ili gwa. Mwa ine, pa awiriwa mmisiri wamkulu anali iyeyu. A burlesque ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake mwambo wao unali wakuti wosaseka alandire zambiri. Pachiyambi Abbott ankatenga 60 pa 100 iliyonse, Costello 40.

Kanemayu sanabweretse phindu limene a Universal ankayembekeza, ndipo nyimbo za Kern za m'menemo siziwerengedwa pakati pa zotchuka zake. Koma olemba m'manyuzipepala ndi oonera anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti alendo aja alanda bwalo. Kampani sinazengereze. Mu Seputembala 1940 America inali itakhazikitsa lamulo lolemba anyamata usilikali ngakhale inali isanalowe nkhondo, ndipo mu Januwale 1941 kunatuluka Buck Privates, m'mene awiriwa alowa usilikali mwangozi pothawa wapolisi. Anamkonza ndi ndalama zochepa, woongolera ali Arthur Lubin, ndipo anabweretsa madola pafupifupi 4 miliyoni.

Mu Buck Privates mbale zinasinthana malo. Nyimbo zinalimo ndithu, zoimbidwa ndi Andrews Sisters, ndipo imodzi mwa izo, Boogie Woogie Bugle Boy, inapikisana nao pa mphotho ya Oscar. Kankhani ka chikondi nako kanalimo. Koma tsopano oimba ndi okondana ndiwo ankatulukira kuti anthabwala apume. Chaka cha 1941 chisanathe anatulutsa ena atatu, In the Navy, Hold That Ghost ndi Keep 'Em Flying, ndipo mu 1942 eni nyumba za kanema anawaika pa nambala 1 mwa onse okoka anthu ku America.

Kupambanaku kunali ndi mtengo wake. Katundu amene anasonkhanitsa m'zaka za burlesque anali ndi malire, ndipo ngakhale mlembi wao John Grant ankamsoka mwatsopano, makanema 36 pakati pa 1940 ndi 1956, kuwonjezapo wailesi ndi wailesi yakanema, anamtha. Ubale nao unasokonekera. Costello anaumirira kuti magawo a ndalama asinthe, mpaka iye ndiye anayamba kutenga 60. Mu 1943 anadwala nthenda yoopsa imene inamgoneka miyezi yambiri, ndipo pa tsiku limene ankabwerera pa wailesi, 4 Novembala, mwana wake wamwamuna wosakwana chaka anamira m'dziwe losambiramo pakhomo pao. Usiku womwewo bamboyo anaima pa maikolofoni naseketsa dziko. Mu 1949 anyamata ena awiri, Dean Martin ndi Jerry Lewis, analowera khomo lomwe lija la m'mbali, monga othandiza mu My Friend Irma, ndipo posakhalitsa anawalanda malo. Abbott ndi Costello anasiyana mu 1957, onse awiri akuvutika ndi ngongole za msonkho. Costello anamwalira pa 3 Malichi 1959, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 53. Abbott anamwalira mu 1974.

One Night in the Tropics anaonetsedwanso mu 1950, atamfupikitsa, pamodzi ndi The Naughty Nineties, kanema wa 1945 m'mene muli Who's on First? yathunthu. Masiku ano amene akumfuna amampeza m'mitokoma ya makanema a Abbott ndi Costello, ali woyamba pa mndandanda. Allan Jones, amene anali mwini bwalo usiku uja ku Paterson, anapitiriza kuimba m'zisudzo ndi m'nyumba za zisangalalo kufikira ukalamba, namwalira mu 1992, chaka chomwe anthu a ku Paterson anaimika chifanizo cha Costello atanyamula ndodo ya baseball.