Mbiri ya Chilwa, nyanja yomwe imaphwa n'kudzadzanso

Pamene David Livingstone ankafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859, anapeza madzi amchere opanda mtsinje wotulukira. Mpaka lero zili choncho: Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi, dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995, komanso mu 2018 pamene mabwato a padoko la Kachulu, kwa Mfumu Mwambo, anatsala ali pamatope ong'ambikang'ambika. Nthawi zoterezi malonda a matemba amaima, osema mabwato amasowa ntchito, ogulitsa nkhuni zowambira milamba amabwerera kumudzi. Apa mpomwe zimaonekera poyera kuti chuma cha anthu chimakhala m'kati mwa chilengedwe, ngakhale owerengera chuma cha dziko amayamba kuwerenga nsomba ikafika pamsika, osalabadira njeza ndi madambo momwe inaswanirana.

M'chaka chomwecho cha 1968, katswiri wa ku America, Garrett Hardin, analemba kuti chinthu cha anthu onse chimawonongeka chifukwa aliyense amakolola osaganizira mnzake, choncho chiyenera kukhala m'manja mwa boma kapena mwa mwini mmodzi. Zomwe zinachitika ku Chilwa mu 1995 zikutsutsa ganizoli. Nyanja itauma, matemba, makumba ndi milamba yotsala inabisala m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu ndi asodzi, mogwirizana ndi dipatimenti ya zausodzi, analetsa kupha nsomba m'maiwemo ndi makoka kapena chiphe cha katupe, pomwe njala inali pakhomo. Madzi atabwerera, mbewu yotetezedwayo inathandiza kudzadzanso nyanja. Lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'mphepete mwa nyanja azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo nthawi yomweyo Chilwa anakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Katswiri wina, Elinor Ostrom, analandira mphoto ya Nobel mu 2009 posonyeza zofananazo, kuti midzi imatha kudziikira malamulo pa chuma cha onse.

Ena amati popeza nyanjayi imabwerera yokha, malamulo ngachabe. Koma chimabwerera chokha ndi madzi, ndipo nsomba zimabwerera ngati mbewu yatsala. Nawo madziwo akudalira mitengo ya m'phiri la Zomba, yomwe ikamatha ndi makala, dothi limakokolokera m'nyanja yosaya kale. Ena amati mmphawi sangadikire mpaka nyengo yotseka usodzi itatha, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera. Msodzi wogona m'zimbowera, timisasa ta panyanja, sadya malonjezo. Komabe nsomba zikatheratu, mwini makoka ambiri amasamukira ku Chiuta kapena ku Malombe, pomwe wotsala pagombe ndi mmphawi yemweyo. Chofunika n'chakuti miyezi yotsekayo akhale ndi pena popezera chakudya, monga munda wa mpunga kusikimu ya Likangala, komanso kuti owononga nkhalango kumtunda azifunsidwa mlandu mofanana ndi msodzi wogwidwa ndi ukonde wa udzudzu.