Tisamanamizire asayansi ndi mneni wakuti "apeza"

Mu Epulo 2025 akatswiri a zakuthambo a ku yunivesite ya Cambridge, motsogozedwa ndi Nikku Madhusudhan, adalengeza zimene adaona pa pulaneti lotchedwa K2-18b. Nkhani zotere zikangolowa m'Chichewa zimasintha nkhope. Zikamafika m'magulu a pa WhatsApp zimakhala zitasanduka zakuti asayansi apeza zamoyo kudziko lina, pamene eni akewo sadanene choncho. Wowanamizira ndi mneni mmodzi yekha, wakuti "apeza", amene masiku ano tikumusenzetsa katundu wosakhala wake.

Tione kaye zimene zidachitika. Palibe amene adalijambulapo K2-18b. Lili kutali zedi, moti ngakhale makina oonera zakuthambo a James Webb, amene adatumizidwa kuthambo pa 25 Disembala 2021, salionetsa nkhope monga mmene timaonera Mars. Zithunzi zokongola zimene zimatsagana ndi nkhaniyi n'zopeka, zojambulidwa pakompyuta. Chimene akatswiri amachita n'kudikira kuti pulanetilo lidutse kutsogolo kwa nyenyezi yake. Likamadutsa, kuwala kwina kwa nyenyeziyo kumapyola mumpweya wokuta pulanetilo, ndipo mpweya wa mtundu uliwonse umameza kagawo kakekake ka kuwalako. Akaona kagawo kamene kasowa, amalingalira mpweya umene wameza. Mwa njira imeneyi, mu 2023 adazindikira kuti kuli methane ndi carbon dioxide. Mu 2025 adati aonanso chizindikiro cha dimethyl sulphide, mpweya umene padziko pano umapangidwa makamaka ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere. Iwo eni adanena poyera kuti chizindikirocho sichidafike pa muyeso umene asayansi amavomereza kuti chinthu chatsimikizika. Anzawo ena atawerengetsanso, adati chizindikirocho n'chofooka, ndipo mipweya ina ingathe kuoneka chimodzimodzi.

Nanga pamenepa pali chimene chapezeka? M'Chichewa munthu amapeza chinthu chimene wachiona ndi maso kapena wachigwira m'manja. Mlenje amene waona mapazi a gwape pamatope sabwerera kumudzi kukauza mkazi wake kuti ateleke madzi. Amati waona mapazi, ndipo ngati ndi munthu woona mtima amawonjezera kuti mwina ndi a mbuzi. Akatswiri a ku Cambridge adaona mapazi. Womasulira amene alemba kuti apeza zamoyo wadumpha mitsinje iwiri nthawi imodzi: mpweyawo sudatsimikizike kuti ulipo, ndipo ngakhale utatsimikizika, sizikudziwika ngati n'zamoyo zokha zimene zingaupange kudera limenelo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chinenero chathu sichosauka pa zimenezi. Tili ndi mawu osiyanitsa bwinobwino chimene munthu akudziwa ndi chimene akungolingalira. Tingati "aona zizindikiro", "zikuoneka ngati", "akuganiza kuti", "sadatsimikize", ndipo ikafika nthawi yake tingati "atsimikiza". Tilinso ndi kamawu kakang'ono kakuti "akuti", kamene kamauza womvera kuti wolankhulayo wangomva, sadaone yekha. Atolankhani athu amawadziwa mawu amenewa. Akamalemba nkhani za kukhoti salemba kuti uje waba, amalemba kuti akuganiziridwa kuti adaba, poopa kusumiridwa. Pa nkhani za kuthambo amamasuka chifukwa akudziwa kuti pulaneti silingawatengere kubwalo la milandu. Koma wophunzira wa ku sekondale amene wamva nkhaniyo pawailesi amaisunga, ndipo tsiku lina adzaiyankha pamayeso.

Sindikuti "apeza" achotsedwe m'nkhani za sayansi. Ali ndi malo ake. Pa 24 Seputembala 2023 chombo cha OSIRIS-REx chidaponya m'chipululu cha ku Utah kabokosi kokhala ndi fumbi ndi timiyala tolemera magalamu 121.6, zimene chidakatapa pa Bennu, chimwala chachikulu chozungulira dzuwa. Kabokosiko kadatsegulidwa, fumbilo lidayezedwa, lidagawidwa kwa akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana. Mu Januwale 2025 adalengeza kuti mufumbimo muli ma amino acid 14 mwa 20 amene zamoyo zimagwiritsa ntchito popanga mapuloteni. Apa lembani "apeza" ndi mtima wonse, chifukwa chinthucho chili patebulo pawo. Koma ngakhale apa musatalikitse mkono: apeza zipangizo zimene zamoyo zimamangidwira, osati zamoyo.

Palinso "atulukira", amene ena amamusokoneza ndi "apanga". Munthu amatulukira chimene chidalipo kale koma chinali chobisika, monga pulaneti kapena mlalang'amba wakutali. Makina a James Webb sadatulukiridwe, adapangidwa.

Tikadali pa K2-18b pomwepo, pali cholakwika china chimene chimadutsa osachiona. Akatswiri amati pulanetili lili pa mtunda wa ma light-year pafupifupi 124. Womasulira wofulumira amaona mawu akuti chaka m'menemo, n'kulemba kuti munthu angayende zaka 124 kuti akafike. Womvera amati, si patali kwenikweni, mdzukulu wa mdzukulu wanga angakafike. Koma muyeso umenewu ndi wa mtunda, si wa nthawi. Ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka chathunthu, ndipo kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka padzuwa kufika padziko pano kumangotenga mphindi 8 ndi timasekondi pang'ono. Chombo cha Voyager 1, chimene chidanyamuka mu 1977 ndipo chimathamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, chingatenge zaka zoposa 2 miliyoni kuti chiyende mtunda wofika ku K2-18b. Choncho kulemba kuti "zaka za kuwala 124" n'kungosamutsa mawu osasamutsa tanthauzo. Tilembe motalikirapo koma momveka: pulanetili lili pa mtunda umene kuwala kumatenga zaka 124 kuti kuuyende. Mawu asanu owonjezera sangadzaze tsamba.

Tsopano za mwezi, umene m'zaka zaposachedwapa walandira alendo ambiri. Pa 23 Ogasiti 2023 chombo cha ku India cha Chandrayaan-3 chidatera chakummwera kwa mwezi, ndipo India idakhala dziko lachinayi kuteretsa chombo bwinobwino kumeneko, pambuyo pa Soviet Union, America ndi China. Japan idatsatira mu Januwale 2024. Chombo chimatera pamwezi, monga mmene ndege imaterera pabwalo. Sichitera "m'mwezi", chifukwa m'mwezi ndi mmene timawerengera masiku, m'mwezi wa Ogasiti kapena wa Januwale. Nayenso "pamwezi" amafuna mneni womuthandiza, poti wantchito amalandiranso malipiro pamwezi, koma mneni wakuti "kutera" amathetsa chisokonezo chonse.

Wovuta ndi "kumwezi". Aliyense wakula ndi Chichewa amadziwa chimene timatanthauza tikati mayi ali kumwezi. Pamene bungwe la NASA lidatchula mu 2023 anthu anayi a ulendo wa Artemis II, mmodzi mwa iwo anali mayi, Christina Koch. Wowerenga nkhani amene anganene pawailesi kuti mayi Koch akupita kumwezi angaseketse minibasi yonse, ndipo nkhani yeniyeni ingatayike m'phwete. Mwamwayi, mawu aulemu pano ndi omwenso ali olondola. Ulendo umenewo adaukonza kuti ukhale wozungulira mwezi n'kubwerera, osati wotera. Tinene kuti ndi ulendo wokazungulira mwezi. Anthu amene adapondapo pamwezi ndi amuna 12 okha, ndipo omaliza adachokako mu Disembala 1972.

Mu Juni 2024 chombo cha ku China cha Chang'e-6 chidabweretsa dothi ndi miyala yolemera pafupifupi makilogalamu awiri kuchokera kumbali ya mwezi imene sitiiona. Ena amaitcha mbali yamdima, potsatira kalankhulidwe ka azungu. Kumeneko kulibe mdima wamuyaya, dzuwa limawalako monga limawalira mbali yoyang'ana kuno. Sitikuonako chifukwa mwezi umatembenuka kamodzi pa nthawi yomweyo imene umatenga kuti uzungulire dziko, masiku pafupifupi 27, motero umationetsa nkhope imodzi nthawi zonse. Mawu ake tili nawo kale, ndipo ndi abwino kuposa obwerekawo: kuseri kwa mwezi.

Za "kumwamba" sindichedwapo. Mawu amenewa ali ndi eni ake, a kutchalitchi ndi a pamaliro, ndipo kunena kuti akatswiri anayi apita kumwamba n'kulengeza zovuta. Atsala ndi "mlengalenga" ndi "thambo". Ine ndimati m'mlengalenga ndi mmene muli mpweya, mouluka akabawi ndi ndege, ndipo kuthambo ndi kumene mpweya watha. Malo ofufuzira a International Space Station, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo amazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse, ali kuthambo. Makina a James Webb, pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni, ndiye osanena. Ndikudziwa kuti "chombo cha m'mlengalenga" chidakhazikika kale pakamwa pa anthu, ndipo sindilimbana nacho. Ndingopempha kuti m'nkhani imodzi tisamatche "chombo" roketi yonyamula, setilaiti yonyamulidwa ndi kagalimoto koyenda pa Mars, mpaka womvera osadziwa chimene chaphulika ndi chimene chafika.

Mawu obwereka si tchimo. Pulaneti, roketi ndi setilaiti tidawalandira, ndipo akugwira ntchito imene mawu athu sankagwira. Kaya munena "pulaneti la Mars" kapena "pulaneti ya Mars", zonse zimamveka, monga mmene ena amanenera galimoto langa ena galimoto yanga. Sankhani chimodzi n'kukhala nacho mpaka nkhani ithe. Chosayenera n'kutcha Mars nyenyezi m'nkhani ya sayansi. Nyenyezi imawala yokha, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa izo, pamene pulaneti limangobweza kuwala kwa nyenyezi imene likuizungulira. Nthanda, imene makolo ankadzukira nayo m'mbandakucha, ndi pulaneti la Venus. Dzina lakelo lisatayike, ndipo mwana aphunzire kuti Nthanda ndi Venus n'chinthu chimodzi.

Kubwereka kumene ndikukana ndi kwa chinthu chimene chili kale m'nyumba. Mlalang'amba tili nawo, Nsangwe tili nazo. Kadamsana ndiye wakalekale: mbiri imati Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu Novembala 1835 dzuwa litada masana, ndipo amene anali ku Lusaka pa 21 Juni 2001 adamuona kadamsana wathunthu ndi maso awo. Agogo a kumudzi amene sadapondepo m'kalasi amalidziwa dzina limeneli. Akonzi a nkhani, mtolankhani akakubweretserani pepala lolembedwa "ekilipusi", mubwezereni akalembenso.