Mawu a ndondomeko ya nyengo, kuwaonera ku Chinsapo

Akatswiri olemba ndondomeko zolimbana ndi kusintha kwa nyengo amagawa ntchito yawo pawiri: kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, ndi kukonzekeretsa anthu ku nyengo imene yasintha kale. Pa mbali yoyamba, dziko la Malawi lidalonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweyawu ndi 51 peresenti poyerekeza ndi momwe ukadakulira, ngakhale gawo lalikulu la lonjezoli likudalira thandizo lakunja.

Ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, lonjezo limeneli limakhudza mbaula. Lamulo la nkhalango lokonzedwanso mu 2020 lidakhwimitsa zilango kwa owotcha makala opanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, kudzaza Kamuzu Dam I ndi II, kenako madzi ake n'kufika m'mipopi ya mumzinda. Mitengo ikatha kumtunda, mtsinje umaphwa msanga m'chilimwe ndipo matope amachuluka m'dzinja. Komabe nsima iyenera kupsa. Ukaletsa makala, kufunika kwa moto wophikira sikutha ayi, kumangosamukira ku ESCOM kapena kwa ogulitsa gasi. Nawonso magetsiwo ali m'manja mwa nyengo yomweyo: mu Januwale 2022 namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mabanja ophikira magetsi adabwerera ku makala. Ndondomeko yoletsa chinthu isanakonze cholowa m'malo mwake imalemetsa wosauka.

Mawu ena awiri oyenera kuwasiyanitsa ndi ngozi ndi kusatetezeka. Ngozi ndi mvula yamphamvuyo. Kusatetezeka ndi chimene mvula imapeza ikafika pansi. Mtambo umodzi ungathire madzi ku Area 10 ndi ku Chinsapo, koma kumene kulibe ngalande zokwanira, kumene nyumba ya zidina yamangidwa m'mbali mwa mtsinje, zotsatira zake sizifanana. Anthu a ku Kawale ndi ku Biwi adaziona madzi atasefukira mu Disembala 2017. Madziwo akaphwa vuto limatsala pansi pa nthaka, poti chimbudzi chokumba ndi chitsime chosazama nthawi zambiri zimakhala pabwalo limodzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Ngalande yosakumbidwa imakalipiridwa ku chipatala cha Bwaila kapena cha Likuni, kudzera m'mabedi, madiripu ndi anamwino otopa.

Koma mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi akuti kufunika kwa ntchito za boma, chifukwa cha mmene kumayezedwera. Bungwe la madzi limadziwa bwino madzi odutsa pa mita. Ambiri ku Chinsapo amatunga pa makiyosiki oyendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, kulipira chidebe ndi chidebe. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, banja limafuna madzi ochuluka panthawi imene madamu atsika. Mpopi ukauma kapena ndalama ikachepa, mayi amapita ku chitsime, mwina kumtsinje kumene. Mita ya pa kiyosiki imangoonetsa kuti madzi ogulidwa achepa, pomwe ludzu lakula. Akatswiri amakutcha kufunika kobisika, ndipo n'zowawa kuti kubisike pafupi chonchi ndi Madzi House, likulu la Lilongwe Water Board, lomwe lili m'msewu wopita ku Likuni.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ambiri obwera kumene amafikira m'madera ngati Chinsapo, Mgona ndi Area 23, ena atathawa minda imene chilala chakhumudwitsa. Khoma la Kamuzu Dam I lidakwezedwa ndi mamita 7 kuti lisunge madzi ochuluka, ndipo imeneyo ndi ntchito yotamandika. Chotsalira n'chakuti khonsolo ya mzinda ndi bungwe la madzi, powerengera zofunika m'zaka zikubwerazi, atumize anthu kukawerenga zitsime za ku Chinsapo ndi mabanja amene amamwamo, mwezi ndi mwezi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba.