Loya Abwereranji Kusukulu?

Mnzanga wina wa kuofesi, loya wa boma, atatitsanzika kuti akupita kukachita digiri yachiwiri ya zamalamulo, ambiri tinadabwa. Munthu woti waima kale m'khoti zaka zambirimbiri akasakenso chiyani m'kalasi? Funsoli linandivutitsa mpaka ndinayamba kufukula mbiri ya ntchitoyi m'dziko muno.

Pa nthawi ya atsamunda, Mmalawi wofuna uloya ankayenera kuwoloka nyanja. Orton Chirwa anavomerezedwa kukhala loya ku Lincoln's Inn mumzinda wa London mu 1958, ndipo mayi a kunyumba kwawo, Vera Chirwa, ndiwo anadzakhala loya woyamba wamkazi wa Chimalawi. Cholinga cha maphunziro a nthawiyo chinali chodziwikiratu: kudziwa malamulo a Mngelezi kuti munthu wakuda naye amveke m'khoti la Mngelezi.

Titalandira ufulu, maphunzirowa anayamba kuperekedwa kwathu konkuno, poyamba ku Mpemba, kenako ku Chancellor College ku Zomba kuyambira mu 1973. Koma boma lomwelo linali litapereka mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu kwa makhoti a mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Banja la a Chirwa linaweruzidwa m'khoti lotere mu 1983 ndi kugamulidwa kuti linyongedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Ine ndinali mwana wasukulu pamene Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Apa ndinaphunzirapo kuti kudziwa malamulo sikupulumutsa munthu ngati dziko latseka pakamwa pa odziwawo.

Zinthu zinatembenuka mu 1994. Malamulo atsopano oyendetsera dziko anadza ndi mutu wonse wa ufulu wachibadwidwe, ndipo ndime 11 inalola makhoti kuona malamulo a pakati pa mayiko ndiponso zigamulo za makhoti a kunja pomasulira malamulowo. Loya amene anaphunzira pa nthawi ya chipani chimodzi anapezeka ndi khasu lakale m'munda watsopano. Apa mpamene digiri yachiwiri inaonetsa ntchito yake. Yoyamba ija imaphunzitsa munthu zimene lamulo likunena. Yachiwiri imamuphunzitsa kufufuza, kuyerekeza ndi kufunsa ngati lamulolo lili lachilungamo. Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nchifukwa chake sukulu ngati Yunivesite ya Pretoria, imene mu 2000 inayambitsa digiri yachiwiri ya ufulu wachibadwidwe mu Africa, zinayamba kukopa maloya a mayiko osiyanasiyana.

Chipatso cha luso lotere tinachiona mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni. Bwalo Lalikulu, litaunikanso zimene makhoti ena anagamulapo pa nkhani yofanana, linanena kuti nkulakwira malamulo a dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva zifukwa zomuchepetsera chilango. Akaidi ambiri anamvedwanso, ena natuluka.

Komabe nkhawa ndili nayo. Ngati digiri yachiwiri ingokhala makwerero opitira ku maudindo onona a m'tauni kapena kunja, mayi wolandidwa munda kumudzi adzapindulanji? Mnzanga uja akadzabwera sindidzamufunsa za mkanjo kapena chipewa. Ndidzamufunsa kuti: "Achimwene, kodi amene mudzayambe kumuimira ndani?"